Malaya a Mkono Umodzi

Anthu ankamutchula Nabesi, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. M'tauni yonseyo munalibe mkazi wina woimba gitala ya besi, ndipo kunena mosapsatira, ngakhale mwa amuna munalibe womufika. Izi ankazidziwa yekha, sankadikira kuti wina achite kumuuza.

Ntchito yake inali ya utelala. Shopu yake inali kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya zitsulo ndi malo ochajira mafoni. Munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali lothethuka pakona, ndi besi yopachikidwa pa msomali pamwamba pa mulu wa mayunifolomu a sukulu. Makasitomala akachepa ankaitsitsa n'kumaimba yosalumikiza ku magetsi, phazi likugunda pa chopondera cha makina.

Bandi yawo inali ya anthu atatu, dzina lake Zigamba. Ng'oma ankaimba achimwene ake, makaniko wa pa galaja ya kuseri kwa depoti, munthu wamkulu thupi koma wofatsa, amene zikhadabo zake sizinkayera ngakhale atasamba ndi sopo wa mtundu wanji. Gitala ankaimba Mawaya, wokonza zamagetsi, yemwe mawu ake a tsiku lonse ukanatha kuwawerenga ndi zala. Nabesi ndiye ankapeka nyimbo, ndiye ankaimba pa maiki, ndiyenso ankalamula. Ankayeserera Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka, mugalajamo, pakati pa magalimoto okhalira pa njerwa.

Mabandi m'tauniyo analipo anayi, ndipo panalibe ngakhale imodzi yokhala ndi kampani kapena bwana. Kupatula Zigamba kunali anyamata a rege otchedwa Utsi, amene masana ankatsuka magalimoto. Kunali amayi asanu a kuchipatala, manesi atatu ndi ochapa awiri, odzitcha Jekeseni. Ndiye kunali Malumo, bandi ya Chipewa wometa tsitsi. Onsewa ankalimbirana holo ya sukulu, bwalo la hotela ndi maukwati, kotero chikondi pakati pawo chinali chochita kuyeza ndi supuni.

Koma Nabesi ndi Chipewa ndiye sankapatsana ndi moni womwe. Zaka ziwiri m'mbuyomo Chipewa ananyengerera woimba kiyibodi wa Zigamba kuti apite ku Malumo kutangotsala masiku atatu kuti akaimbe pa ukwati waukulu. Nabesi anabwezera pa ukwati womwewo, pa maiki, anthu ali thithithi: anati Chipewa amaimba ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. Mawuwo anamera mizu. Mpaka pano ana a sukulu akamadutsa pa shopu yometerayo ankalira kuti mee, n'kuthawa.

Tsiku lina m'misewu munadzaza mapepala olengeza kuti kukubwera woimba wotchuka wa ku mzinda waukulu, amene aliyense ankangomutchula kuti Bigi. Nkhope yake inali pa zikwangwani za sopo ndi za mafoni. Adzaimba Loweruka masana pa bwalo la mpira. Manijala wake anatumiza uthenga kuti mabandi a m'tauniyo atsegulire, mphindi khumi bandi iliyonse, koma ayambe atumiza nyimbo imodzi pa foni kuti awamve. Nabesi sanaganize kawiri. Anatumiza nyimbo yake yatsopano, imene anali asanaiimbepo pagulu.

Nyimboyo inali ya bambo ake. Nawonso anali telala, ndipo makina akalewo m'shopumo anali awo. Tsiku limene anagwa n'kutengeredwa kuchipatala, kumene sanabwereko, anasiya malaya a kasitomala atalumikiza mkono umodzi, winawo uli wodula kale, mapini ali momwemo. Mwini malayawo sanabwere kudzawatenga. Amayi ake a Nabesi anawapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi. Nabesi akanatha kuwamaliza asanamwe n'komwe madzi, koma zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa osawakhudza. M'malo mwake anapeka nyimbo. Inkayamba ndi besi yokha, ikuyenda molemera ngati makina akamakoka nsalu yokhuthala, kenako mawu:

Malaya a mkono umodzi,
bambo munawasiya pa mpando.
Ndikati ndimalize, msoko si wanga,
ndikati ndisiye, akundiyang'ana.

Lachitatu cha m'ma teni, achimwene atabwera ndi ovolosi yawo kuti awaikire zipi, pakhomo pa shopu panaima munthu wa nsapato zosongoka, magalasi akuda ali pamphumi, mafoni awiri m'dzanja limodzi.

"Asisi, ndinu a Zigamba?"

"Ndine. Mwabwera ndi chosoka kapena chonena?"

"Chonena, chokoma. Ndine manijala wa Bigi. Nyimbo yanu ija waimvera katatu m'galimoto. Waikonda koopsa."

"Ali ndi makutu abwino," anatero Nabesi, ulusi uli kukamwa.

Manijalayo anaseka, nalowa, koma mpando umene achimwene anamusunthira sanakhalepo. Anati Bigi akufuna nyimboyo ikhale yake. Anatchula mtengo. Achimwene anatsokomola ngati atsamwa, chifukwa ndalama yotero pa galaja sankaiona ngakhale mwezi utayenda bwino chotani.

"Tingoisintha pang'ono," anapitiriza manijala. "Za bambo omwalirazi zimaziziritsa dansi. Tiikapo bebi. Bebi wandisiyira malaya a mkono umodzi. Mwaona? Ikuvinika pompo." Anatulutsa pepala n'kuliyala pa tebulo lodulira. "Musaine apa. Dzina lanu silidzatchulidwa, koma thumba lanu lidzadziwa."

Nabesi anachotsa ulusi kukamwa. Analiwerenga pepalalo mpaka pansi, osathamanga, kenako analipinda bwinobwino n'kumubwezera mwini wake.

"Bebi wanuyo mumusokere malaya ake. Awa ali ndi mwini."

"Chemwali," achimwene anayamba.

"Ndayankha, achimwene."

Manijala anatsitsira magalasi aja m'maso. Mawu ake anakhalabe ofewa, ngati a munthu wokufunira zabwino. "Asisi, ndikuuzeni ngati mlongo wanu. Nyimboyo ili kale m'foni mwathu, anyamata athu aiphunzira dzulo. Loweruka Bigi aiimba, musaine kapena musasaine. Akangoiimba iyeyo, ndi yake. Kunja kwa msewu uno akukudziwani ndani? Ndipo poti mwasankha mwano, Zigamba ndaichotsa pa mndandanda. Mudzalipire pageti ngati anthu ena onse."

Atatuluka, fungo la mafuta ake onunkhira linatsalira m'shopumo. Achimwene anaimirira, mutu wawo kutsala pang'ono kugunda besi ija.

"Iwe, wapenga? Ng'oma zanga unaziona? Chimbale chachitsulo cha pa ng'oma chija ndachiwotcherera kawiri, chikulira ngati chivindikiro cha poto. Mawaya akuimbira waya wa buleki ya njinga. Mwayi wafika wokha pakhomo, iwe waupirikitsa ndi tsache!"

"Amafuna bambo asanduke bebi."

"Bambowo ndi anganso! Ndipo bambo sankasunga malaya, ankasokera ena kuti avale."

"Ankasokera munthu atamuyeza. Ameneuja ndamuyeza ndi maso, sangamukwane."

"Pakamwa ndiye unapatsidwa," anatero achimwene, mawu atatsika. "Koma ukanandifunsa. Ndinali pompano, ndakhala pampandopa ngati chidole chovekapo madiresi. Bandi ndi ya atatu."

Anatenga ovolosi yawo, zipi ikulendewera mbali imodzi, n'kutuluka. Nabesi anadziwa kuti pa mfundo yomalizayo achimwene sanalakwe. Anadziwanso kuti akanawafunsa, yankho lake silikanasintha. Anakhala pa makina n'kusoka mayunifolomu asanu ndi awiri osadzutsa mutu.

Lachinayi atafika ku galaja anapeza ng'oma zili zofundika lona. Achimwene anali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka, ndipo anati ali ndi giyabokosi yofunika m'mawa. Nabesi anakhala pa tayala n'kumufotokozera Mawaya nkhani yonse. Mawaya anamvetsera akupukuta gitala yake, kenako anafunsa:

"Aimvapo ndi angati?"

"Ife atatu ndi magalimotowa."

"Ndiye vutolo."

Kwa Nabesi mawu ochepawo anakwanira. Wakuba amanyamula chimene anthu sakuchidziwa mwini wake. Nyimboyo inafunika imveke pa bwalo lomwelo, pamaso pa anthu omwewo, Bigi asanagwire maiki. Iye pa siteji anali atachotsedwa, koma mabandi atatu anali akadalipo.

Anayambira kuchipatala madzulo omwewo. Mtsogoleri wa Jekeseni anali nesi wamkulu wa ku wodi ya ana, kasitomala wake wakalekale, amene onse ankamutchula Asisitala. Anamvera nyimboyo pa foni ataima m'khonde, napukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Bambo anu ndinawalandira ndine tsiku lija," anatero. "Anali ndi tepi yoyezera m'khosi. Tiimba, mwanawe. Komatu ife tiika mawu anayi, musadzadandaule."

Anyamata a Utsi anawapeza Lachisanu m'mawa akutsuka minibasi. Sanadikire n'komwe kuti amalize kufotokoza. Atangomva kuti pali munthu wa nsapato zosongoka amene akufuna kudyera masuku pamutu woimba mnzawo, anavomera onse nthawi imodzi, thovu lili m'manja.

Panatsala Malumo, ndipo apa ndiye panali nkhani. Utsi ndi Jekeseni ankayamba dzuwa lili pamutu, anthu akungolowa kumene. Malumo ndiwo ankaimba komaliza, bwalo litadzaza, Bigi atatsala pang'ono kukwera. Popanda Chipewa zonsezi zikanangokhala phokoso la m'mbale. Nabesi anatseka shopu nthawi ya nkhomaliro, naima kaye pakhonde. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anawoloka msewu.

M'shopu ya Chipewa munali makasitomala atatu pa benchi ndi mmodzi pampando, mutu wometedwa theka. Chipewa mwini wake, munthu wamfupi wa chipewa chakuda chimene palibe anamuonapo atavula, anamuona pa galasi. Makina ometera anazima. A pa benchi onse anatembenukira kukhomo.

"Mbuzi zokha muno, mayi," anatero Chipewa. "Mwasochera?"

"Sindinasochere. Ndabwera kudzapempha."

"Imvani anthuni! Nabesi kupempha! Wina atuluke akaone ngati dzuwa lili kumene limakhala."

Nabesi anakhala pa mpando wachiwiri wometera, umene unali wopanda munthu, napinda miyendo ngati wabwera kudzacheza. Anafotokoza zonse, osawonjezera, osadzichepetsanso. Kenako anaika foni pa shelefu pakati pa mabotolo a mankhwala n'kuyatsa nyimbo ija. Chipewa anamvera atatembenukira kukhoma. Itatha anayatsanso makina, nameta mizere iwiri, nazimitsanso.

"Mpando mwakhalirawo ndi wabwino, eti?"

"Ndi wabwino."

"Uwo ndi uwu ndinagula ndi nyimbo. Kale, musanayambe n'komwe kugwira besi. Anabwera wina wonga wanuyo, ndinasaina. Mipando ndi imeneyi, yandilerera ana atatu, sindinganame kuti ndinaluza. Koma nyimboyo ikamalira pa wailesi ndimasintha siteshoni, ndipo makasitomala amati Chipewa ndi wansanje." Anapukuta makinawo ndi kaburashi. "Yanuyi ndi yabwino kuposa yanga ija. Zikundiwawa kunena, koma ndi choncho."

"Ndiye muiimba?"

"Pang'onopang'ono, mayi. Pali ziwiri. Choyamba, za mbuzi zija. Munazinena pagulu, muzibweze pagulu. Gulu ndi ili."

Nabesi anayang'ana anthu a pa benchi aja, amene tsopano anali atatsamira kutsogolo ngati akuonera mpira. Anaimirira.

"Abale, ndinalakwa. A Chipewa saimba ngati mbuzi. Ndinanena chifukwa cha mkwiyo. Mawu apamwamba amene amafika bambowa, m'tauni muno palibe wina amafikapo." Anapuma pang'ono. "Ndi mbuzi yomwe siingafikepo."

Benchi inaphulika ndi kuseka. Chipewa anayesetsa kulimbitsa nkhope, koma masharubu anamupereka.

"Kupepesa kwa atelala, kosiya pini mkati," anatero. "Chabwino, ndalandira. Chachiwiri: besi ya nyimboyi mnyamata wanga sangaithe pofika mawa. Muimba ndinu. Anachotsa Zigamba, sanachotse woimba besi wa Malumo. Koma muvala malaya a Malumo, muima kumbuyo kwanga, ndipo wolamula ndine."

Ichi chinamuwawa Nabesi kuposa choyamba chija. Malaya a Malumo anali achikasu, osokedwa ndi telala wina amene mizere yake inkayenda ngati njira ya woledzera.

"Ndivala," anatero. "Koma mundipatse lero, ndikawongole kolala."

Madzulo a tsikulo galaja inadzaza kuposa kale lonse. Mabandi atatu anasinthana kuphunzira nyimbo imodzi, Nabesi ali pakati ngati wapolisi wa pamsewu, uku akuwongola mawu, uku akukana kuti anyamata a Utsi awonjezere ndime yawoyawo. Achimwene sanatuluke pansi pa lole ija. Koma Nabesi anaona kuti sipanala yawo ikugunda pa chitsulo motsatira nyimbo, ndipo woimba ng'oma wa Malumo atalakwitsa polowera kolasi, pansi pa lole panachokera mawu okalipa: "Dikira kamodzi, iwe! Umalowa besi ikatsika!"

Loweruka kunacha kopanda mtambo. Bwalo la mpira analizunguliza ndi malata, siteji ili ku golo la kumtunda, masipika ataunjikidwa ngati nyumba. Mawaya anali atapatsidwa ganyu yoyang'anira jenereta, ndipo anakhala pambali pake pa kireti, manja atapinda. Manijala ndi Bigi anali akadali ku hotela.

Anayamba a Utsi. Ataimba nyimbo yawo imodzi, woimba wawo anakweza dzanja. "Iyi si yathu, abale. Iyi ndi ya Nabesi, telala wa pafupi ndi sitolo ya zitsulo. Anaipekera bambo ake." Anaiimba mwa rege, pang'onopang'ono, moti Nabesi, amene anaima kuseri kwa siteji atavala malaya achikasu, analuma mlomo. Koma anthu ochepa amene analipowo anagwedeza mitu.

Amayi a Jekeseni anakwera atavala zoyera. Asisitala ananena mawu omwewo, kuti nyimboyi ndi ya Nabesi telala, nawonjezera kuti amene ali ndi bambo amoyo akawaone mawa. Anaiimba m'mawu anayi, ndi gitala imodzi yokha. Pofika kolasi yachiwiri, amayi ogulitsa zakumwa m'mbali mwa bwalo anali akuyankhira. Anthu anayamba kufunsana kuti kodi nyimboyi yatuluka liti, ife osaimva bwanji.

Pamene Malumo ankakwera, bwalo linali litadzaza mpaka ku golo la kumunsi. Chipewa sanataye nthawi ndi nyimbo zake. Anagwira maiki, nakonza chipewa.

"Mwaimva kawiri. Tsopano muimve kwa mwini wake. Mayi awa ndi ine sitigwirizana, mukudziwa nonse." Wina m'gulumo analira kuti mee, anthu n'kufa nako kuseka. Chipewa anadikira. "Iwe wa mee, ubwere Lolemba ndidzakumete ulere, udzaona. Koma nyimboyi ndi ya Nabesi. Amene adzakuuzeni zina ndi wabodza."

Nabesi anayamba. Besi yake inatuluka m'masipika akuluakuluwo ndi mphamvu imene iye mwini anali asanaimvepo, inagunda m'chifuwa mwake n'kubwerera ku malata a kumunsi. Sanachite mantha. Anamva ngati wapatsidwa nsalu yaikulu pa tebulo lalikulu, sizasi yakuthwa ili m'manja. Chipewa anaimba ndime yoyamba, ndipo kunena chilungamo anaiimba bwino, mawu apamwamba aja anawafika osakakamiza. Pa kolasi bwalo lonse linalowa.

Ndi pamene galimoto yakuda inaima kuseri kwa siteji. Manijala anatuluka, namvetsera kamphindi, nathamangira kwa wosakaniza mawu amene anali pa tebulo lake pakati pa bwalo. Nabesi ankamuona ali pamwambapo: manja m'mwamba, mafoni akugwedezeka. Wosakanizayo analoza wotchi yake. Pambuyo pake anthu anasimba kuti anamuyankha kuti, "Mphindi zawo khumi sizinathe, bwana, munanena nokha." Manijala anatembenukira ku jenereta. Kumeneko anapeza Mawaya ataimirira kutsogolo kwa switchi, akumuyang'ana ngati samva chilankhulo chake.

Ndime yachiwiri itafika, Chipewa anasuntha pa maiki n'kumukodola Nabesi ndi chipumi. Izi sanapangane. Nabesi anapita kutsogolo, zala zikuyendabe pa besi, naimba. Ali mkati moimba anaona chinthu chimene chinatsala pang'ono kumusokoneza. Kunja kwa malata, kumbali ya msewu, kunali galimoto yokokera ya ku galaja, ndipo pamwamba pake, pa mpando wapulasitiki, panakhala amayi ake atafunda ambulera. Pambali pawo panaima achimwene, atawagwira phewa. Mawu anamuthawa kamodzi, koma gulu linamunyamula, iye n'kuwapezanso.

Bigi anakwera dzuwa litapendeka, ndipo anthu anamulandira ndi mfuwu, chifukwa kuimba ankatha ndithu. Anaimba nyimbo zake zinayi, fumbi n'kukwera. Kenako woimba besi wake, potsatira mndandanda umene anapatsidwa, anayamba mayendedwe olemera aja. Sanafike patali. Bwalo lonse linakuwa: "Ya Nabesi! Ya Nabesi imeneyo!" Ena anayamba kuimba okha za bambo ndi mpando. Bigi sanali chitsiru. Anakweza dzanja, bandi inaima, iye n'kuseka.

"Ndamva, ndamva! Ndimangokuyesani ngati muli maso. Muli ndi oimba m'tauni muno, muziwasamala!" Nthawi yomweyo analowa nyimbo yake yotchuka ija, anthu n'kuvina ngati palibe chachitika.

Kuseri kwa siteji manijala anasonkhanitsa atsogoleri a mabandi n'kuwauza kuti asadzayembekezerenso kutsegulira woimba aliyense wa ku mzinda waukulu, iye akadali moyo. Asisitala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Mwanawe, ukupuma mothamanga. Ukapezeke kuchipatala tikakuyeze magazi."

Nabesi anatuluka pageti besi ili kumsana, anthu akumugwira manja, ena akufunsa kumene angaipeze nyimboyo. Anafika pa galimoto yokokera ija achimwene akutsitsa amayi mosamala ngati katundu wosweka.

"Ndinapita kukakunenera," anatero achimwene, osamuyang'ana. "Ndimati amayi akudzudzule. Iwo akuti sangaweruze nyimbo asanaimve."

"Ndiye mwaimva, amayi?"

Amayi anapinda ambulera yawo. Maso awo anali ofiira, koma mawu anali owuma ngati masiku onse.

"Ndaimva katatu. Aja a zoyera ndiwo aimba mwaulemu. Koma iwe wanama pamalo amodzi."

"Pati?"

"Sanawasiye pa mpando. Anawasiya pa makina, singano ili m'nsalu. Pa mpandopo ndinawaika ndine, titabwerako kuchipatala. Iwe unafika mochedwa, n'chifukwa chake."

Nabesi anakonza lamba wa besi paphewa. Achimwene anayang'ana kumbali, akusisita mphuno ndi chala chakuda ndi girizi.

"Ndisinthe?" anafunsa Nabesi.

"Usinthe chiyani, anthu onsewa aloweza kale? Isiye. Ine ndi bambo ako tikudziwa." Anamukoka kolala ya malaya achikasu aja, naiyang'anitsitsa. "Koma izi ukavule. Sizikukukhala."

Manijala anasunga mawu ake. Chaka chimenecho kunabwera oimba awiri a ku mzinda waukulu, ndipo palibe bandi ya m'tauniyo imene inaitanidwa. Chimbale cha achimwene chinawotchereredwa kachitatu, ndipo iwo sanasiye kunena kuti ndalama ija ikanathandiza, makamaka chikalira moipa pakati pa nyimbo. Nabesi sankawatsutsa. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano asanavomere ukwati kapena kukana, ankayamba wadutsa pa galaja n'kufunsa miyendo yotulukira pansi pa galimoto kuti ikuganiza bwanji.

Mabandi anayi aja anayamba kubwereka holo ya sukulu pamodzi, Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse masana, masipika n'kuphatikiza. Mwezi woyamba anthu anadzaza theka. Mwezi wachitatu ena anaonerera pa mawindo, ndipo kunabwera bandi ya ku tauni yoyandikana nayo, anthu asanu ndi mmodzi pa minibasi ndi ng'oma zawo pamiyendo, kudzapempha kuti nawonso apatsidweko mpata. Anawalozera kwa Nabesi, amene anali pakhomo la holo ndi pepala la mndandanda, pensulo ili kukhutu.

"Mumaimba zanuzanu kapena za eni?" anawafunsa.

"Zathu, mayi."

"Muimba achitatu, akatha a Jekeseni. Mphindi makumi awiri. Mukapitirira ndikuzimitsirani ndekha. Tsitsani katundu, khomo lakumbuyo ndi ilo."